Za Mafuta, Mpira, Kanema ndi Kapu ya Khofi

Wokondedwa achimwene,

Kalata yanu inandipeza ndipo ndinaiwerenga mwachifatse. Ndakondwa kumva kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana, ndiponso kuti ntchito ikuyenda. Kuno tonse tili bwino, tikuthokoza Mulungu. Mafunso munawaunjika ambiri m'kalata imodzi, ndiye ndiwayankha mmene akundibwerera m'mutu, osatsata ndondomeko yomwe munawalembera.

Ndiyambe ndi nkhani ya galimoto, poti ndiyo ikuoneka kuti ikukusowetsani tulo. Mukuti mukulingalira zosiya ya petulo n'kugula yamagetsi, koma anzanu akuntchito akukuopsezani kuti batire lidzakutayani panjira. Ine ndikuti gulani, bola ngati komwe mukukhalako magetsi ndi odalirika ndipo muli ndi pochajira usiku pakhomo. Injini ya petulo imawononga mafuta ambiri powasandutsa kutentha kwachabe. Mukayenda ulendo wautali mudzagwire boneti, mudzamva nokha komwe ndalama zanu zapita. Pa mphamvu yonse yomwe ili mu lita ya petulo, yofika pozunguza matayala nthawi zambiri siikwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu. Mota yamagetsi imataya pang'ono chabe, ndipo ilibe mapulagi, ilibe oyilo wa injini woti muzisintha, ilibe ekizozi yoti idzabooke.

Komabe chomwe chimandiwawa kwambiri pa petulo ndi chakuti wogula alibe mawu pa mtengo wake, ndipo nthawi zambiri ngakhale boma lake limakhala lilibe mawu. Dziko lonse lapansi limamwa migolo ya mafuta pafupifupi 100 miliyoni tsiku lililonse, mgolo umodzi kukhala malita 159. Gawo limodzi mwa magawo asanu a mafuta amenewo limadutsa pa kampata kamodzi ka nyanja, ka Hormuz, pakati pa Iran ndi Oman. Kukangomveka mfuti chakumeneko, munthu woyendetsa takisi kutsidya lina la dziko, yemwe sanaonepo kampatako ngakhale pa mapu, amagona ndi mutu waukulu. Zimenezi sizinayambe lero. Mu 1960 mayiko asanu, Iran, Iraq, Kuwait, Saudi Arabia ndi Venezuela, anakumana ku Baghdad n'kuyambitsa bungwe la OPEC chifukwa anatopa ndi makampani akunja omwe ankawauza mtengo wa mafuta a m'nthaka yawo yomwe. Pamenepo sindiwadzudzula. Koma mu 1973, pa nthawi ya nkhondo ya Israel ndi Egypt ndi Syria, mayiko a Aluya anatseka mipope, ndipo mgolo unachoka pa madola atatu kufika cha pa madola 12 m'miyezi yochepa. Kuyambira pamenepo aliyense anadziwa kuti mafuta ndi chida.

Mukumbukira mu Epulo 2020, mliri utatsekera anthu m'nyumba? Ndege zinaima, misewu inangoti zii, matanki osungira anadzaza, ndipo tsiku lina ku America mtengo wa mgolo unatsika mpaka kupitirira ziro. Wogulitsa ankachita kulipira munthu kuti amuchotsere mafuta. Zaka ziwiri zisanathe Russia inalowa mu Ukraine, mgolo womwewo n'kudutsa madola 120. Ndiuzeni, achimwene, banja lingakonze bwanji bajeti pa chinthu chosakhazikika chotere? N'chifukwa chake ndimakonda magetsi: mungawapange ndi madzi, dzuwa, mphepo, gasi, kutentha kwa pansi pa nthaka, ndipo njira imodzi ikavuta zina zimagwirabe ntchito. Dzuwa palibe amene angalitsekere pa kampata.

Sindikufuna kukunamizani kuti zonse n'zoyera. Walira mvula walira matope. Mabatire amafuna lithium, nickel ndi cobalt, ndipo cobalt wambiri padziko lapansi, cha m'ma 70 pa 100 alionse, amakumbidwa ku Democratic Republic of Congo, komwe ena amalowa m'maenje ndi manja ndi khasu basi, ana omwe. Nkhani imeneyi siiyenera kubisidwa pansi pa mawu okoma onena zosamalira chilengedwe. Chabwino n'chakuti pali mtundu wina wa batire, wa LFP, womwe sufuna cobalt, ndipo magalimoto ambiri atsopano akugwiritsa ntchito umenewo. Pogula mudzafunse kuti mkatimo muli batire lamtundu wanji. Wogulitsa akadzayamba kuzungulira, mudzapite kwina.

Anthu amakonda kutchula Norway, poti kumeneko mu 2024 magalimoto atsopano pafupifupi asanu ndi anayi mwa khumi alionse anali amagetsi. N'zoona, ndipo magetsi awo pafupifupi onse amachokera ku madzi ndi mphepo. Koma tisaiwale kuti chuma chomwe chinawathandiza kuchita zimenezi chinachokera kwambiri ku mafuta ndi gasi yemwe amagulitsa kunja mpaka lero. Apa mpomwe mtima wanga umapsa ndikamva mayiko olemera akulangiza osauka kuti asakumbe gasi wawo. Kum'mwera kwa chipululu cha Sahara kokha kuli anthu pafupifupi 600 miliyoni opanda magetsi, ndipo padziko lonse anthu cha m'ma 2 biliyoni amaphikabe ndi nkhuni, makala ndi zina zotulutsa utsi wowononga mapapo. Mayi wotsokomola pa moto wa nkhuni si amene anatenthetsa dziko lino. Ameneyo apatsidwe kaye chophikira chopanda utsi, za ziwerengero za mpweya tikambe pambuyo.

Chomwe chimandipatsa chiyembekezo ndi sola. Pakati pa 2010 ndi 2020 mtengo wa mapanelo unatsika ndi pafupifupi 90 pa 100, makamaka chifukwa China inamanga mafakitale akuluakulu moti lero mapanelo ambiri padziko lapansi amachokera kumeneko. Vuto latsala pa kusunga mphamvuyo kuti igwire ntchito usiku, ndi pa zinthu zomwe magetsi sanazifikire bwino: ndege za maulendo ataliatali, sitima zapamadzi, simenti, ndi feteleza. Ambiri sadziwa kuti feteleza wa urea amapangidwa kuchokera ku gasi, n'chifukwa chake gasi atakwera mu 2022 chakudya nachonso chinakwera. Mafuta sitiwasiya mawa ayi, koma pa galimoto yopitira kuntchito n'kubwera kunyumba palibenso chifukwa chowaumirira.

Za mpira nazo sizinatalikirane ndi mafutawa. Mukudandaula kuti ligi zikuluzikulu zayamba kutopetsa chifukwa opambana amadziwika mpira usanayambe. Tayang'anani komwe ndalama zikuchokera. Mu 2003 Roman Abramovich, yemwe chuma chake chachikulu chinachokera ku kampani ya mafuta ya Sibneft, anagula Chelsea, ndipo mu 2005 timuyo inatenga ligi yomwe inali isanaitengenso kwa zaka 50. Mu 2008 a ku Abu Dhabi anagula Manchester City, yomwe inatenga ligi komaliza mu 1968. Mu 2012 Agüero anagoletsa chigoli chija cha mphindi zomaliza chomwe chinawapatsa ligi, ndipo kuyambira 2021 mpaka 2024 anaitenga kanayi motsatizana, zomwe palibe timu ya ku England inazichitapo. Mu 2011 Qatar inagula Paris Saint-Germain, n'kudzalipira mayuro 222 miliyoni pa Neymar yekha mu 2017. Mu 2021 thumba la chuma la boma la Saudi Arabia linatenga Newcastle. Gazprom, kampani ya gasi ya ku Russia, inakhala ikulipirira Champions League mpaka nkhondo ya 2022 itayamba. Chikho cha dziko lonse cha 2034 chinapatsidwa kwa Saudi Arabia. Mukaonetsetsa pansi pa kapinga wobiriwirayo pali chitsime cha mafuta.

Sindikukana kuti mpira womwe ndalama zimenezi zagula ndi wokoma. Aliyense wokonda mpira amene anaona City ya Guardiola ikupatsirana mpaka adani kuchita chizungulire sangatsutse. Chomwe chikutayika ndi chikaiko chija, chomwe chimapangitsa munthu kukhala m'mphepete mwa mpando mtima uli m'mwamba. Mpira umakoma chifukwa wamng'ono amatha kugwetsa wamkulu. N'chifukwa chake Leicester ya 2016 sidzaiwalika. Chaka cham'mbuyo mwake inangopulumukira mkamwa mwa mbuzi kuti isatuluke mu ligi, ndiye Ranieri n'kubwera, Vardy akuthamanga, Mahrez akupinda anthu, Kanté ali paliponse nthawi imodzi, mpaka chikho m'manja. Obetcha anali ataika mwayi wawo pa 5000 kwa 1. Nyengo imodzi imeneyo kwa ine imaposa zikho khumi zogula.

Chimodzimodzi Morocco ku Qatar mu 2022. Anatulutsa Spain pa mapenate, Bounou ali chilili pagolo, kenako En-Nesyri analumpha mochititsa mantha n'kumenya ndi mutu chigoli chomwe chinatulutsa Portugal. Inali timu yoyamba ya mu Africa kufika mu ndime ya matimu anayi omaliza. Ndipo fainali ija, amwene! Argentina itatsogola ndi zigoli ziwiri mpira ukuoneka ngati watha, Mbappé n'kubweza ziwiri m'mphindi ziwiri zosakwana, kenako 3-3 pa nthawi yowonjezera, Martínez n'kutchinga ndi mwendo mpira wa Kolo Muani womwe ukanathetsa zonse, mapenate 4-2, Messi n'kunyamula chikho. Sindikuganiza kuti tidzaonanso fainali yoposa imeneyo posachedwa. Koma kumbukirani kuti mpikisanowo unasunthidwa kupita mu Novembala ndi Disembala chifukwa cha kutentha, ndipo mabwalo ambiri ankapoperedwa mpweya wozizira. Kumbukiraninso amisiri obwera ochokera ku Nepal, India, Bangladesh ndi kwina omwe anamanga dzikolo padzuwa loswa mtengo, ena osabwereranso kwawo amoyo.

Pa za VAR, njira ija yothandiza oyimbira poonanso kanema wa zomwe zachitika m'bwalo, tikugwirizana. Ndimamvetsa cholinga chake, palibe amene amafuna chigoli chamanja chizidutsa. Koma chimwemwe cha chigoli chimakhala cha kamphindi komweko mpira ukangogunda ukonde. Tsopano munthu umadzuka theka, n'kuyang'ana kaye oyimbira ngati agwira khutu, n'kudikira mizere ijambulidwe pa chala cha phazi. Akadzalengeza kuti chigoli chilipo, chisangalalo chimakhala chitazizira kale. Ndikanakonda akanaika lamulo lakuti cholakwa chikapanda kuoneka msanga pobwereza kanema, chigamulo cha oyimbira chikhale momwemo.

Za kukulitsa chikho cha dziko lonse kuyambira mu 2026, pamenepo tisiyana pang'ono. Inu mukuti matimu 48 achuluka. Ine ndikuona kuti Africa kupatsidwa malo asanu ndi anayi m'malo mwa asanu n'chilungamo chomwe chinachedwa kubwera. Chondidetsa nkhawa ndi china: masewero 104 m'mayiko atatu, United States, Canada ndi Mexico, kuchokera ku Vancouver kukafika ku Miami ndi Mexico City, m'miyezi yotentha kwambiri. Ndege zingati, mafuta angati, ndipo miyendo ya osewera omwe amakhala atasewera kale chaka chonse ipumira pati? Ochemerera wamba sangakwanitse kutsatira timu yake pa mitunda yotereyo.

Kutenthaku kwandikumbutsa funso lanu la makanema. Mukuti ana akukukokani kuti mukaonere mafilimu otuluka m'nyengo yotenthayi, ndipo mukudabwa kuti n'chifukwa chiyani onse akuluakulu amathamangira miyezi yomweyi. Chiyambi chake ndi magetsi. Willis Carrier anapanga makina oziziritsa mpweya mu 1902 pofuna kuthandiza fakitale yosindikiza yomwe mapepala ake ankapindika ndi chinyezi. Mu 1925 anawaika mu holo ya kanema ya Rivoli ku New York, ndipo anthu anayamba kulipira tikiti pofuna kuthawa kutentha, filimu kukhala ngati yowonjezera. Komabe opanga mafilimu ankasungira zabwino zawo kumapeto kwa chaka, kufikira mu Juni 1975 pomwe Jaws ya Steven Spielberg inatulutsidwa m'maholo oposa 400 nthawi imodzi, italengezedwa mwamphamvu pa wailesi yakanema, n'kuphwanya mbiri yonse ya malonda. Kuchokera apo nyengo yotentha inasanduka nthawi yokolola.

Chomwe chimandisangalatsa pa filimu imeneyo n'chakuti shaki yamakina yomwe anapanga inkangowonongeka m'madzi amchere, ndiye anakakamizika kuionetsa pang'ono chabe. Mantha onse anabwera ndi nyimbo, madzi ogwedezeka ndi nkhope za anthu. Lero kompyuta imatha kujambula chilichonse, ndiye amationetsa chilichonse: mizinda ikugumuka, mapulaneti akuphulika, phokoso lokhalokha, koma ukatuluka sukumbukira dzina la munthu ngakhale mmodzi. Ndipo zambiri ndi gawo lachinayi kapena lachisanu la nkhani yomwe inatha kale pa gawo loyamba. Amaopa kuyesa zatsopano chifukwa filimu imodzi imadya madola 200 miliyoni kapena kuposa.

Koma anthu sanasiye kukonda nkhani yabwino. Mu Julayi 2023 Oppenheimer, filimu ya maola atatu yonena za wasayansi amene anatsogolera kupanga bomba la nyukiliya, yomwe mbali yaikulu ndi anthu akukambirana m'zipinda, inadzaza maholo ndipo inapeza ndalama zoyandikira madola 1 biliyoni. Ngati simunaionere, ionereni inu ndi alamu ana atagona. Inandisiya ndikuganizira kuti mphamvu yomwe inapsereza Hiroshima ndi Nagasaki mu 1945 ndi yomweyo imene lero imapereka pafupifupi magawo awiri mwa atatu a magetsi a ku France popanda utsi. Za nyukiliya ine ndili kumbali ya oivomereza, ngakhale ndimamvetsa mantha a omwe amakumbukira ngozi za nyukiliya za ku Chernobyl ndi Fukushima. Ana apiteni nawo ndithu ku kanema. Kuseka pamodzi ndi anthu osawadziwa mu mdima wa holo n'kosiyana ndi kuonera pa foni uli wekha.

Tsopano khofi. Mukuti mwagula kamakina kogwiritsa ntchito timakapusulo. Ndikumvetsa kuti m'mawa nthawi imachepa, koma ine timakapusuloto sindigwirizana nato. Pa kapu iliyonse mumataya kachitini ka aluminiyamu kapena pulasitiki, pomwe aluminiyamu amadya magetsi ochuluka zedi kuti asungunulidwe, ndipo khofi wake mukamuwerengera pa kilogalamu mumapeza kuti mwalipira kangapo. Gulani khofi wokazinga wosapera, muzipera pang'onopang'ono nthawi yomwe mukufuna kumwa. Madzi akawira muziwasiya apume kamphindi musanathire. Fungo lake lokha lidzakuuzani kusiyana. Ndipo yesani kumwa kapu imodzi opanda shuga, mumve kuti khofi wabwino ali ndi kutsekemera kwakekwake, nthawi zina ngati kwa chipatso.

Za kusowa tulo komwe munatchula, onaninso nthawi yomwe mumamwa kapu yomaliza. Kafini sachotsa kutopa, amangotseka malo mu ubongo omwe amalandira uthenga woti thupi latopa, ndipo pakatha maola pafupifupi asanu theka lake limakhala likadali m'magazi. Kapu ya 4 koloko madzulo imakhala ikugwirabe ntchito nthawi yogona. Onaninso paketi: robusta ali ndi kafini wochuluka pafupifupi kawiri kuposa arabica.

Ndikagwira kapu ndimaganizira ulendo womwe khofi wayenda. Kwawo kwa arabica ndi kumapiri a Ethiopia, anawolokera ku Yemen, n'kumatumizidwa kunja kudzera pa doko la Mocha. Lero Brazil yokha imalima pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a khofi wa dziko lonse, Vietnam n'kutsatira ndi robusta. Mtengo wobereka khofiwo ndi wosachedwa kukhumudwa. Umafuna malo okwera ozizirirapo, mvula ya pa nthawi yake, ndipo umatenga zaka zitatu kapena zinayi usanabereke. Ceylon, yomwe lero ndi Sri Lanka, inali dziko la khofi mpaka matenda a chiwawu atalowa mu 1869 n'kufafaniza minda, alimi n'kutembenukira ku tiyi. Mu Julayi 2021 chisanu choopsa chinapsereza minda ku Minas Gerais ku Brazil, chilala n'kutsatira kumeneko ndi ku Vietnam, kenako kuyambira kumapeto kwa 2023 sitima zinayamba kuthawa zipolopolo pa Red Sea n'kumazungulira kunsi kwa Africa, kuwonjezera masiku ndi mafuta pa ulendo. Kumayambiriro kwa 2025 mtengo wa arabica pa msika wa New York unafika pomwe unali usanafikepo. Dziko likamatentha malo oyenera arabica amakwerera kumtunda, ndipo phiri lili ndi pothera.

Chondipweteka n'chakuti ngakhale mtengo ukwere, mlimi amalandira kagawo kochepa kwambiri pa ndalama ya kapu yomwe mumagula mu lesitilanti. Phindu lalikulu lili pa kukazinga, kulongeza ndi dzina la pa paketi. Switzerland salima khofi, koma ali m'gulu la mayiko opeza ndalama zambiri pogulitsa khofi kunja. Amene amathyola zipatso zofiira imodziimodzi ndi manja pa phiri lotsetsereka ndi amene amatsalira. Choncho mukamagula, sankhani paketi yomwe yalemba dziko, dera ndi gulu la alimi komwe khofiyo wachokera, ndipo ngati alipo wokazingidwa ku dziko lomwe analimidwa, tengani ameneyo ngakhale atakwererapo pang'ono.

Ndalemba zambiri, dzanja latopa. Mundiuze zomwe mudzagwirizane ndi alamu pa za galimoto, ndipo musaiwale kufunsa za mtundu wa batire ndi zaka za chitsimikizo chake. Mundiuzenso ngati mwana wanu wamkulu uja akuseweranso mpira kusukulu ndi kuti amasewera nambala yanji, poti m'kalata yanu simunatchule. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Akuno onse akupereka moni.

Ndine mnzanu wakalekale.